Wantchito wa Pabanki ndi Mphunzitsi Wosaoneka

M'chaka cha 1971, pamene kwacha inaloŵa m'malo mwa paundi ndipo shereni imodzi inasanduka matambala 10, kalaliki wa pabanki anali ndi pogwira. Akasokonezeka ankatembenukira kwa mnzake wamkulu amene anakhala naye pafupi, nafunsa. Lero maphunziro ambiri a pantchito amadzera pa intaneti, makamaka chiyambire 2020 pamene mliri wa Covid-19 unaletsa anthu kusonkhana. Wantchito amakhala yekha pa kompyuta, naŵerenga, nayankha mafunso, kenaka makina amalemba kuti watsiriza.

Pali ena amene maphunziro otereŵa amawathamangira, pali enanso amene amawazemba mpaka tsiku lomaliza. Akuluakulu a ntchito amafulumira kunena kuti ozembawo ndi aulesi. Kuweruza kotereku n'kolakwika. Mayi amene waŵerenga ndalama kwa zaka 20, amene zala zake zimazindikira ndalama yachinyengo maso asanaione, sangatchedwe mlesi. Chimene chimamgwira ndi kudzikayikira. Amaopa kuti akadina polakwika aononga zinthu, ndiponso kuti kamnyamata kamene kaloŵa ntchito dzulodzuloli kamuona akufufuza pamene iko kadutsa mosavuta. Motero amangodinadina kuti masamba athe, mayankho napempha kwa anzake. Pa kaundula waphunzira, koma m'mutu simunaloŵe kanthu.

Katswiri wa za maganizo a munthu, Albert Bandura wa ku yunivesite ya Stanford ku America, anafotokoza bwino nkhaniyi m'chaka cha 1977. Iye anati chikhulupiriro chimene munthu ali nacho choti angathe ntchito inayake ndicho chimalamula ngati adzaiyamba, khama limene adzaikepo, ndi kutalika kwa nthaŵi imene adzapirire zikavuta. Anatinso chikhulupirirochi chimamera makamaka pamene munthu wayesa yekha nakhoza, kenaka pamene waona mnzake wofanana naye akukhoza. Mawu olimbikitsa amathandiza, koma mphamvu yake ndi yochepa. Apa ndi pamene pagona vuto: kompyuta yachotsa mnzake wa pambali uja, ndipo wokayika akalephera mayeso oyamba palibe womuuza kuti nayenso anapunthwapo pomwepo.

Wina angati imeneyi ndi nkhani ya m'nyumba mwa eni mabanki. Iyayi. Lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limafuna kuti banki idziŵe bwino munthu amene ikumsungira ndalama, ndi kuti ndalama zokayikitsa izinene ku Financial Intelligence Authority. Masiku anonso ndalama zimayenda pakati pa banki ndi foni kudzera pa Mpamba ndi Airtel Money, ndipo akathyali sagona tulo. Zinthu zotere ndizo zimaphunzitsidwa pa kompyuta paja. Wantchito amene anangodinadina sadzazindikira msampha, ndipo wolira adzakhala mlimi wa fodya wa ku Kasungu amene ndalama zake za chaka chonse zatuluka iye osadziŵa.

Mankhwala ake si odula. Phunziro loyamba likhale lalifupi ndi losavuta, kuti wamantha alaŵe kukhoza asanakumane ndi zolimba. Nthaŵi yophunzira ikhale mkati mwa maola a ntchito, osati madzulo a kumapeto kwa mwezi, munthu atatopa ndi mzere wa olandira malipiro. Koposa zonse, achikulire ndi achinyamata akhale aŵiriaŵiri: wina adziŵa makina, mnzake adziŵa anthu ndi machenjera ao, ndipo onse aŵiri adzachokapo ndi kanthu. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Koma munthu amafunsa pokhapo pamene akudziŵa kuti sasekedwa.

Aphunzitsi nawonso nkhaniyi ikuwakhudza, pakuti mantha ameneŵa sayambira pabanki. Mwana amene anachititsidwa manyazi pa bolodi chifukwa cha samu imodzi amakula nalo bala limenelo, ndipo adzalipeza likumdikira tsiku limene adzakhale yekha pamaso pa kompyuta. Wotsiriza Folomu 4 amene akulota ntchito ya pabanki adziŵiretu kuti satifiketi ya MSCE kapena digiri idzangomtsegulira chitseko. Mkatimo adzapeza maphunziro ena chaka ndi chaka, mphunzitsi wake ali wosaoneka, ndipo palibe belu lomuitanira m'kalasi.