Kodi Mnzathu Timuitane ndi Dzina Liti?



Lamulungu lina posachedwapa, mapemphero atatha, tinatsalira pansi pa mlambe kuno ku Khuyu kuti tiphunzire nyimbo za sabata yotsatira. M'kwaya yathu munali mtsikana wina amene makolo ake anabwera pachilumba pano kudzagwira ntchito ya boma, kwawo ndi ku Thyolo. Tsiku limenelo anachedwa pang'ono, ndipo mmodzi mwa ife anafunsa mokweza kuti, "Kodi Mnguru uja sanafikebe?" Tonse tinaseka. Pocheuka tinapeza mwini wake ataima kumbuyo kwathu, buku la nyimbo lili m'manja. Sanayankhe kanthu. Anaimba nafe mpaka kumapeto, koma sabata yotsatira malo ake anali opanda munthu, ndipo kufikira lero mawu ake sakumvekanso pakati pathu.

Titakhala pansi kukambirana za nkhaniyi, mnzathu amene analankhula uja anadziteteza. Anati zinali nthabwala chabe, ndipo dzinali analimva kwa akuluakulu kuyambira ali mwana. Anawonjeza kuti masiku ano anthu angoyamba kukwiya ndi mawu alionse chifukwa chotengera khalidwe la kunja, limene azungu amalitcha political correctness, loti munthu aziyeza liwu lililonse kuopa kukhumudwitsa mtundu wina. Ena mwa ife anagwirizana naye. N'chifukwa chake sabata ino tafuna kuti tilingalire pamodzi: kodi kusamala mayina amene timatchulira mitundu ya anzathu ndi mwambo wachilendo, kapena ndi gawo la chikhulupiriro chathu?

Tiyambe ndi dzina lomwelo. Alomwe ambiri analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pothawa misonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Anakhazikika m'madera monga Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, ndipo ambiri anagwira thangata m'minda ya azungu. Dzina loti Anguru linayenda limodzi ndi umphawi umenewo, ndipo linasanduka chitonzo. Amene analikana dzinali si azungu ayi, ndi eni ake. M'chaka cha 1943, a Lewis Mataka Bandawe, amene anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, anatsogolera bungwe loimira Alomwe, ndipo chimodzi mwa zimene anapempha boma la atsamunda chinali chakuti dzinali lileke kugwiritsidwa ntchito. Boma linavomera m'zaka zomwezo za m'ma 1940. Ndiye kuti papita zaka zoposa 80 chikaniranicho. Ngati mtsamunda anamva ndi kusintha zikalata zake, ife akhristu tili ndi chifukwa chotani chokhalira osamva?

Eklezia nayenso anayendapo njira yomweyi. M'chaka cha 1959, Apapa Yohane XXIII analamula kuti m'pemphero lopempherera Ayuda pa Lachisanu Loyera muchotsedwe liwu lina limene linkamveka monyoza. Pa Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, Maepiskopi anayamba kulankhula za akhristu a mipingo ina monga abale, kusiya chilankhulo chakale chimene chinkangowaona ngati ampatuko. Chiphunzitso cha chikhulupiriro sichinasinthe. Chimene Eklezia anazindikira n'chakuti sungalalikire chikondi kwa munthu uku ukumutchula dzina limene likumulasa. Ngati liwu lingachotsedwe m'buku la Misa chifukwa chopweteka anthu, kuli bwanji liwu la pansi pa mlambe?

Ife a pa Likoma sitiyenera kuchita kuuzidwa za kulemera kwa dzina. Amishoni a mpingo wa Anglican anakhazikika pachilumba pano m'chaka cha 1885, ndipo tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera ku Chipyela chinayamba kumangidwa mu 1903. Akatolika pano ndife owerengeka. Tikudziwa kusiyana kwake pamene mnansi akuti "Aroma" mwachikondi, ndi pamene wina akulitchula dzinali akupotoza milomo. Tikudziwanso kuti chilankhulo chimene agogo athu ankachitcha Chinyanja chinapatsidwa dzina loti Chichewa m'chaka cha 1968, pamene kutsidya ku Cobue ndi ku Zambia chikutchedwabe Chinyanja mpaka lero. Nyanja yomwe timaweramo usipa ili ndi mayina osiyana malinga ndi gombe limene waimapo. Dzina lili ndi mwini wake, ndipo kawirikawiri amene ali ndi mphamvu ndiye amatcha mnzake.

Tikumbukirenso abale athu amene anakwera Ilala kukafuna ntchito kutali. Agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni ankaitanidwa kuti "boyi" ngakhale anali ndi ndevu ndi ana. Ku Zimbabwe, Amalawi ndi zidzukulu zawo akhala akutchedwa Mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, ngakhale ena a iwo anabadwira komweko ndipo sanaondepo Blantyre. Ku South Africa obwera amatchedwa makwerekwere, ndipo m'mwezi wa Meyi 2008 zipolowe zodana ndi obwera zinapha anthu 62. Amalawi ambiri anabwerera kumudzi chimanjamanja, ndipo zoterezi zinachitikanso mu 2015. Tikamva mlongo wathu akutchedwa mkwerekwere timapsa mtima. Koma tikatembenuka, ife tomwe timati "Maburundi" kwa munthu aliyense wochokera ku Dzaleka, osafunsa ngati kwawo ndi ku Rwanda, ku Congo kapena ku Burundi. Ife tomwe timati "Mchawa" kwa Myao amene watiuza kale kuti dzinali salifuna, ndipo mwana wachialubino timamukuwiza kuti "mzungudala". Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa ife mawa limenelo linafika kale.

Mnzathu uja anati ndi nthabwala, ndipo mfundo yake tisaitaye msanga. Ndi zoona kuti Amalawi timakonda kuseka, ndipo pachikhalidwe chathu pali chisuweni, pamene msuweni amanyoza msuweni mnzake popanda mlandu. Koma chisuweni chili ndi malamulo ake. Onse awiri amadziwana, onse awiri ali ndi ufulu wobwezera, ndipo onse awiri amaseka. Tsiku lija pansi pa mlambe tinaseka ndife, mtsikana uja sanaseke. Anali yekha pakati pa anthu khumi ndi angapo, pachilumba chimene si kwawo. Nthabwala imene gulu likuseka koma mwini wake akumeza malovu, imeneyo yasanduka chitonzo, ngakhale woinenayo analibe cholinga choipa.

Ndipo chitonzo chikazolowereka chimabala zipatso zake. Ku Rwanda, dziko la akatolika ochuluka, wailesi ya RTLM inkatcha Atutsi mphemvu, ndipo mu 1994 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku pafupifupi 100, ena mwa iwo m'kati mwa matchalitchi momwe anathawira. Mu 2017 Apapa Francis anapempha chikhululukiro chifukwa cha machimo a ana a Eklezia pa nthawi imeneyo. Sitikunena kuti aliyense wonena mawu onyoza ndi wakupha. Tikunena kuti dzanja silifulumira kumenya munthu amene pakamwa pakumutchulabe munthu. Koma kudera komweko kulinso umboni wina. Pa 30 Epulo 1997, zigawenga zinalowa m'seminale yaing'ono ya Buta ku Burundi ndi kulamula ophunzira kuti Ahutu aime mbali ina, Atutsi mbali ina. Anyamatawo anakana kupatukana, ndipo 40 mwa iwo anaphedwa ali pamodzi. Anali achinyamata a misinkhu yathu yomweyi. Iwo anakana kugawidwa pamaso pa mfuti, ife tikugawana tokha pa phunziro la nyimbo.

Komabe pali mbali ina imene otsutsa aja akunena zoona, ndipo tiyenera kuivomera. Kusamala mawu kukhoza kusanduka mantha, mpaka munthu kuopa kutchula mtundu wa mnzake ngati kuti mtunduwo ndi matenda. Kukhala Mlomwe, Mtonga, Mnyanja, Myao, Mtumbuka, Msena kapena Mngoni si chinthu chobisa. Ndi mphatso ya Mulungu. Pa tsiku la Pentekoste Mzimu Woyera sanafafanize zilankhulo za anthu, koma aliyense anamva uthenga m'chilankhulo cha kwawo. Sitikupempha kuti tileke kutchula mitundu. Tikupempha kuti tiitchule ndi mayina amene eni ake amawavomera.

Kusamala mawu kukhozanso kusanduka chinyengo, pamene pakamwa payera koma mtima uli chikhalire. Mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka, mutu 10, Ambuye Yesu atatha fanizo la munthu wovulazidwa ndi achifwamba, anafunsa katswiri wa malamulo kuti mnansi weniweni anali ndani. Katswiriyo anayankha molondola, koma dzina loti Msamariya sanalitchule, analizungulira. Yankho lake linali laulemu, lopanda chitonzo chilichonse, koma Ambuye sanamuyamikire chifukwa cha kusankha bwino mawu. Anamutuma kuti apite akachite chifundo chomwecho. Ifenso tikhoza kuwatchula mwaulemu abale athu akutsidya amene amabwera ndi nkhuni pa ngalawa, kapena amene amadzafuna chithandizo kuchipatala, kuwati "alendo athu", kenaka n'kuwadyera masuku pamutu pa mtengo chifukwa tikudziwa kuti ayenera kubwerera dzuwa lisanalowe. Tikhoza kuleka kunena "Mnguru" koma n'kukana kuti mlongo wathu akwatiwe ndi Mlomwe. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, gawo 20, amaletsa tsankho la mtundu, khungu, chilankhulo ndi chipembedzo. Koma lamulo limafika pa zochita zooneka, silifika pamene Mulungu yekha amaona.

Choncho maganizo athu ndi awa. Kusintha liwu pakokha sikukwanira, koma ndi poyambira, ndipo ndi chinthu chosafuna ndalama. Munthu amene akukana ngakhale kusintha liwu limodzi chifukwa cha mnzake, n'zokayikitsa kuti adzasintha chinthu chachikulu. Mnzathu akatiuza kuti dzina ili limandipweteka, si ife oweruza ngati likupwetekadi kapena ayi. Wamva minga ndi amene waiponda. Udindo wathu ndi kufunsa kuti, "Nanga mukufuna tizikutchulani bwanji?" ndipo tikauzidwa, tisunge. Tikalakwitsa chifukwa cha chizolowezi, tipepese mosachulutsa zifukwa. Ndipo mnzathu akalakwitsa, timulangize pambali mwachikondi, osati kumuchititsa manyazi pagulu kapena pa Facebook, pakuti naye ndi mbale wathu, ndipo kumupatsa dzina loti "watsankho" n'kumusiya pomwepo ndi kubwereza tchimo lomwe tikulidzudzula.

Pa tsiku la ubatizo wathu, funso loyamba limene wansembe anafunsa makolo athu linali lokhudza dzina limene atipatsa. Sanafunse mtundu wathu, boma lathu kapena mfumu yathu. Eklezia anatilandira mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake. Mtsikana uja ali nalo dzina lake la ubatizo, ndipo tonse tikulidziwa. Tsiku lija tinalisiya dala n'kutola lina limene makolo ake analikana zaka 80 zapitazo.

Tagwirizana kuti Loweruka likudzali tipite kwawo, tonse amene tinaseka, osati wolankhula yekha uja, pakuti kuseka kwathu ndiko kunapereka mphamvu ku mawuwo. Sitikudziwa ngati adzavomera kubwerera m'kwaya, ndipo sitidzamukakamiza. Tikupempha kuti m'miphakati yathu sabata ino tidzifunse mafunso awiriwa: ndi mayina ati amene timatchula anthu iwo kulibe, amene sitingawatchule iwo alipo? Ndipo ndani amene anasiya kubwera pakati pathu popanda ife kufunsa chifukwa chake?

Ambuye Yesu, amene munapempha madzi kwa mayi wa ku Samariya ndi kuyamikira chikhulupiriro cha msilikali wachiroma, yeretsani milomo yathu ndi mitima yathu pamodzi. Amayi Maria, mutipempherere ife ana anu a pa Likoma ndi a kutsidya lomwe. Amen.