Ndalama kwa Mwana Wokhoza Mayeso: Timvenso Mbali Inayo

Ana athu akapatsidwa chimangirizo cha mtsutso, ambiri amangoikira kumbuyo mbali yawo, mbali inayo osaitchula n'komwe. Koma mtsutso wabwino umatchula mfundo yamphamvu ya otsutsa, kenako n'kuiyankha. Tingawaphunzitse luso limeneli kunyumba ndi funso lotikhudza makolofe: kodi wophunzira azipatsidwa ndalama akakhoza bwino?

Tinene kuti mwana wasankha kukana. Umboni ali nawo. Mu 1973, Mark Lepper wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake anasindikiza kafukufuku wa ana aang'ono okonda kujambula. Amene analonjezedwa mphoto anadzachepetsa kujambula mphotoyo itatha, kusiyana ndi anzawo amene sanalonjezedwe kanthu. Mphoto imatha kuzimitsa chidwi chimene mwana anali nacho kale.

Apa mpamene timufunse kuti, "Nanga wotsutsa anganene chiyani?" Angatchule za ku Zomba, kumene mu 2008 ndi 2009 atsikana ena ndi makolo awo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi mtsikanayo akamapita kusukulu mosajomba. Osiya sukulu anachepa. Pa banja losowa sopo ndi makope, ndalama imathandizadi, ndipo mwana wolemba moona mtima avomereze zimenezo.

Akavomereza ndiye ayankhe. Ku Zomba ankalipira kupita kusukulu, osati malikisi. Roland Fryer wa ku Harvard anayesa njira zosiyanasiyana ku America. Ku Chicago ndi ku New York ana ankalipidwa malinga ndi zotsatira zawo, koma makhozedwe a mayeso sanasinthe kwenikweni. Ku Dallas ankapatsidwa madola 2 pa buku lililonse limene awerenga, ndipo ana olankhula Chingerezi anapita patsogolo pa kuwerenga. Mwana amadziwa kutsegula buku, koma kawirikawiri sadziwa chochita kuti malikisi 50 afike pa 80.

Choncho tikafuna kulonjeza kanthu, tilonjeze pa zimene mwana angathe kuchita lero: kumaliza homuweki, kuwerenga, kufika kusukulu nthawi yabwino. Ndipo tikamakambirana naye nkhaniyi, ayambe wanena maganizo athu momveka, ifenso tinene ake, tisanayambe kutsutsana. Akazolowera kutero pakhomo, m'chimangirizo sadzaiwala mbali inayo.