Thilakita m'dimba la chibwabwa

Pali matenda amene agwila ise olemba ma software muno mu Lusaka. Munthu ayamba ka pulogalamu ka sitolo ya amalume ake ku Kamwala, mafailo sanakwane na makumi awili, koma funso lake loyamba ni lakuti, "Ku Google asewenzetsa chani?" Akamva kuti Bazel, nayenso Bazel. Mlungu wonse utha akulimbana na chida, pulogalamu yeniyeni ikalibe kuyamba.

Nchito ya build tool ni yodziwika: kutenga code yanu, kusonkhanitsa ma library, kuyendetsa ma test, na kutulutsa chinthu chimene chingasewenze, kaya JAR kaya APK. Basi. Si chovala chodzionetsela pa LinkedIn.

Bazel ni chida chabwino, koma onani kumene chinabadwila. Google inachitulutsa poyela mu 2015, kuchokela ku chida chawo cha mkati chochedwa Blaze, chimene anapangila nkhokwe ya code ya mizele mabiliyoni na mainjiniya masauzande. Imwe muli awili, na laputopu ya 4GB yogula kale-kale. Kodi vuto la Google ndiye vuto lanu?

Ena amati tsobola wakale sawawa. Pa nkhani iyi ni bodza. Stuart Feldman analemba Make ku Bell Labs mu 1976, ndipo mpaka lelo kernel ya Linux imamangidwa nayo. Maven inafika pa 1.0 mu 2004, ndipo anthu amaiseka chifukwa cha XML yake yaitali. Koma aliyense wodziwa Java akatsegula project ya Maven adziwa kale kuti code ili mu src/main/java, ndipo mvn package imaliza nkhani. Kusowa manyado kumeneko ndiye phindu lake.

Ngati mupanga app ya Android, palibe chokangana: Google inasankha Gradle pamene inabweletsa Android Studio mu 2013. Sewenzetsani, ndipo ikani gradlew mu repo kuti nonse mukhale pa version imodzi. Koma Gradle imalola kulemba code ya Groovy kapena Kotlin mkati mwa build, ndipo apa m'pamene anzathu ochenjela amationongela. Build isanduka pulogalamu yachiwili imene aimvetsa ni mwini wake yekha. Tsiku limene adzapeza nchito ku Johannesburg, kasitomala adzatsala na system imene palibe angaimange, chonsecho ndalama analipila.

Manje tikambe za kwathu. Amene amalemba ma tutorial ambili ali na intaneti yosatha na malaiti osazima. Ise timawelenga ma bundle, ndipo 2024 inationetsa zimene zimachitika madzi akachepa ku Kariba. Build imene ifuna intaneti nthawi iliyonse ni mdani wanu. Maven isunga zimene yatsitsa mu foda ya .m2 ndipo imayenda na -o. Gradle ili na --offline. Phunzilani zimenezi musanaphunzile plugin yatsopano.

Ndipo mangani ma version. Mu March 2016 munthu mmodzi anachotsa pa npm ka package kochedwa left-pad, ka mizele 11 chabe, ma build ambili-mbili padziko anagwa. Ikani package-lock.json mu Git, sewenzetsani npm ci, ndipo lekani kukoka package pa kanthu kamene mungalembe mweka m'mphindi zisanu.

Mayeso ni amodzi. Patsani mnzanu amene sanaonepo project yanu. Achite clone pa laputopu yake, alembe command imodzi, chinthu chimangike. Azime data, abwelezenso, chimangikenso. Chikakana, mawu akuti "kwanga chisewenza" musatiuze. Kasitomala sanagule laputopu yanu.