Mapu a m'foni sadziwa kuti dambo ladzaza

Mwezi wa April ukamayandikira, aliyense amene ali ndi lole kuno ku Kasungu amayamba kuwerengera: mabelo angati kuchokera ku Chamama, angati ku Chulu, dizilo malita angati kukafika ku okushoni ya Chinkhoma kapena ku Kanengo. Chaka chino pawonjezeka funso lina, ndipo landipeza kangapo, komaliza kudzera m'kalata ya bambo wina mwini malole awiri amene walemba madalaivala ochokera kum'mwera. Anyamatawo chiwongolero amachidziwa, koma midzi yathu saidziwa. Bamboyo akufunsa ngati awagulire kachipangizo ka GPS kopachika pa galasi la galimoto, kaja timakaona m'magalimoto a alendo odzaona malo, kapena foni zomwe anyamatawo ali nazo kale n'zokwanira.

Achimwene, ndalama zanuzo sungani mugulire matayala. Pa ntchito yotuta mabelo, foni ikukwanirani. Koma ndisangokusiyani ndi yankho louma, chifukwa pali pamene foniyo idzakugwetsereni lole m'matope, ndiponso pali ntchito ina ya fodya imene kachipangizo kapaderako kamafunikiradi.

Tiyambe ndi zimene ambiri amasokoneza. Foni ndi kachipangizo ka Garmin kapena TomTom zimamwa pa chitsime chimodzi. Kumwambaku, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, kukuzungulira masatelayiti a GPS a dziko la America, ndipo pali enanso a Russia, a China ndi a mayiko a ku Ulaya. Masatelayitiwa amangoulutsa nthawi ndi pamene ali, usana ndi usiku, osalipiritsa munthu. Chipangizo chanu chikamva anayi kapena kuposerapo, chimawerengera chokha pamene mwaima. Kale boma la America linkasokoneza dala uthengawu kuti anthu wamba asamapeze malo enieni, koma lidasiya mu May 2000. Kuyambira pamenepo, foni yabwinobwino ikakhala pa mtetete imaphonya ndi mamita pafupifupi asanu basi. Pa msewu, mamita asanu si nkhani.

Ndiye zoti "kwathu kulibe netiweki, GPS ya m'foni sigwira" si zoona kwenikweni. Kadontho kabuluu kosonyeza pamene muli sikadalira nsanja ya Airtel kapena TNM. Chimene chimafuna netiweki ndi mapu amene kadonthoko kamakhalapo. Mukalowa kumene kulibe netiweki musanasunge mapu m'foni, mudzaona kadontho kali pa chinsalu choyera, ngati nyerere pa mbale. Mankhwala ake ndi osavuta. Muli pa boma, pamene intaneti ikugwira bwino, tsegulani Google Maps n'kusunga dera lonse la Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi Mchinji m'foni momwemo. Ikaninso pulogalamu ina ngati OsmAnd kapena Organic Maps, zomwe zimakupatsani mapu a Malawi yense kamodzi n'kamodzi. Bandulo imene mungawononge tsiku limenelo ndi yochepa poyerekeza ndi dizilo wa ulendo umodzi wosochera. Muzikumbuka kuwakonzanso mapuwo pakapita miyezi, chifukwa a Google amatha ntchito akakhalitsa.

Ndikumvetsa chimene chidakopa bambo wathuyu. Nyengo yachilimwe timawaona alendo aja pa malo omwetsera mafuta, atalowera pa Mchinji kuchokera ku Chipata, ali pa ulendo wa kumpoto kapena ku Lifupa m'nkhalango yathu ya Kasungu. Galimoto zawo ndi nyumba zoyenda: bedi momwemo, khitchini momwemo, thanki ya madzi, tenti padenga. Pa galasi pali kachipangizo kaja. Kwawo ku Ulaya ndi ku America kachipangizoka kali ndi nzeru imodzi imene Google Maps ilibe. Umakauza kutalika, kukula ndi kulemera kwa galimoto yako, ndipo kamakupewetsa milatho yaifupi ndi misewu yoletsedwa kwa magalimoto olemera. Munthu wa lole ya matani khumi akamva zimenezi, mtima umadumpha.

Koma nzeru imeneyi si ya kachipangizoko ayi. Ndi ya anthu amene adayendera mlatho uliwonse n'kulemba kuti uwu umanyamula matani akutiakuti. Kodi mlatho wa mitengo ya bulugamu umene anthu a m'mudzi adamanga pa ntchito ya chitukuko, wopanda ngakhale chikwangwani, adaulemba ndani? Kachipangizo kogulidwa ku Johannesburg kadzakudutsitsani pamenepo mosakayika ngati mmene ingachitire foni. Ndipo alendo omwewo mukacheza nawo, mupeza kuti ambiri sadalira mapu amene adabwera ndi kachipangizoko. Amaikamo ena otchedwa Tracks4Africa, opangidwa ku South Africa kuchokera ku njira zimene apaulendo anzawo adadutsamo kale. Mapuwa ndi abwino zedi ngati ukufuna malo ogona ku Nyika kapena njira ya ku Vwaza. Njira yopita ku chigafa cha kalabu ya alimi kuseri kwa Santhe mulibemo, chifukwa palibe mlendo amene adapitako kukajambula mbalame.

Apa ndiye pagona nkhani. Kuno kwathu vuto si kudziwa pamene waima. Vuto ndi loti njira imene ili pa mapu ndi njira imene ili pansi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusiyanako kumasintha ndi mwezi. Dziko la Kasungu ndi lathyathyathya, lodzaza madambo amene amatsirira m'mitsinje ya Bua, Rusa ndi Dwangwa. Mu September dambo ndi msewu wabwino kuposa wa boma, ndipo njinga zamoto za kabaza zimadulira pomwepo mpaka njirayo imaoneka bwino pa zithunzi za kumwamba. Wojambula mapu ali kutali amaiona n'kuilemba ngati msewu. Mu April, pamene mabelo oyamba akunyamuka, pamwamba pamaoneka pouma koma pansi pali phala. Pulogalamu ya m'foni imakonda njira yachidule, ndipo imalankhula modzidalira ngati mwana wobadwira pomwepo. Dalaivala wachilendo akaimvera, lole imatitimira mpaka m'ma akiselo. Kenako ndi kutsitsa mabelo pa udzu wonyowa, kufunafuna thirakitala ya pa esiteti, kugona pomwepo kulondera katundu. Fodya akakoka chinyontho, amene amalira ndi mlimi amene wadikira ndalamayo chaka chathunthu, ndipo tsiku lake lokaperekera ku msika ladutsa.

Palinso za maina. Midzi yathu imatchedwa ndi dzina la mfumu, ndipo dzina limodzi limapezeka kwa Wimbe, kwa Kaluluma ndi kwa Lukwa. Maesiteti ena amadziwika ndi nambala, ena ndi dzina la mwini wake amene adamwalira kalekale, ena ndi dzina limene matenanti adangowapatsa. Mukalemba dzina la mudzi m'foni, mwina sikupeza kanthu, mwina ikulozerani mudzi wa dzina lomwelo ku Dedza. Izi n'chimodzimodzi pa zipangizo zonse ziwiri.

Ndiye ndikadakhala ine mwini malolewo, ndikadachita izi. Nyengo isanayambe, ndikadakwera njinga yamoto n'kuyendera chigafa chilichonse chimene ndikukatutako, n'kusunga malo ake m'foni ndili chiimire pakhomo pomwepo. Malo amenewo amatumizika pa WhatsApp, ndipo manambala ake awiri aja amatumizikanso pa uthenga wamba kumene kulibe intaneti. OsmAnd imatha kulemba njira yonse imene mwadutsa, kotero dalaivala amatsata mzere wa njira imene inu mwaiyesa, osati imene foni yaganiza. Ndipo pa malo aliwonse ndikadalembapo nambala ya tcheyamani wa kalabu. Dalaivala akafika pamene tala wathera, aime, aimbe, afunse anyamata a kabaza pa siteji kuti dzulo lole yadutsa kuti. Safunsa adadya phula, ndipo a kabaza ndiwo amadziwa mlatho umene wakokoloka usiku wathawu. Ngakhale pa M1 penipeni, ntchito yokonza msewu ikamapatutsira magalimoto m'njira zafumbi, wodziwa za lero ndi amene wadutsapo m'mawa.

Zofooka za foni zilipo, ndisakubisireni. Mapu amadya batire ngati chiswe. Foni yoikidwa pa dashibodi padzuwa imatentha mpaka kusiya kutchaja, nthawi zina kuzima kumene. Malole ambiri akuluakulu magetsi ake ndi a mavoti 24, osati 12 ngati galimoto yaing'ono, choncho tchaja ya pa msika imene simunaiwerenge bwino ikhoza kupsa tsiku loyamba. Foni imalira pamene dalaivala ali pa mphambano, mapu n'kubisika. Imabedwa msanga pa mzere wa ku okushoni. Ndipo dalaivala akasiya ntchito, amapita nayo pamodzi ndi njira zonse zimene mudasonkhanitsa. Zonsezi zimatha ndi foni imodzi yotsika mtengo yogulira lole, yokhala ndi chogwirizira chake pamthunzi, tchaja yoyenera, ndi malo aja osungidwanso m'foni ya mwini wake. Mtengo wake sungafike pa wa kachipangizo koitanitsa kunja, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Kachipangizoko kakawonongeka, pa Kasungu pano mukapita nako kwa yani? Wokonza foni ali pa khonde lililonse.

Tsopano ndifike pa ntchito ija ndidati kachipangizo kapadera kamafunika, ndipo apa ndikulankhula ndi alimi, osati eni malole.

Fodya wambiri masiku ano amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula. Mlangizi wa kampani amabwera kudzayeza munda, ndipo pa muyezo umenewo pamachokera zambiri: matumba a feteleza amene mupatsidwe pa ngongole, mankhwala, ndi makilogalamu amene kampani ikuyembekezera kwa inu. Kuyeza kwake ndi kuzungulira m'malire a munda atanyamula chipangizo, chomwe pamapeto chimatchula mahekitala. Ena amanyamula GPS ya m'manja ngati Garmin eTrex, kachikasu kaja koyendera mabatire awiri a AA. Ena amangogwiritsa foni kapena tabuleti.

Mamita asanu aja ndidati si nkhani pa msewu, m'munda ndi nkhani yaikulu. Tiwerengere limodzi. Theka la ekala ndi munda wa mamita pafupifupi 45 m'litali ndi 45 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 2,025. Chipangizo chikawonjeza mamita asanu m'litali ndi asanu m'lifupi, mundawo usanduka 50 ndi 50, omwe ndi 2,500. Wakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, mlimi osawonjezapo mzere ngakhale umodzi. Si nthawi zonse kuphonya kumalowera mbali imodzi chonchi, koma munda ukachepa, kuphonyako kumalemera. Munda wolembedwa mokulitsa ndi ngongole yokulirapo komanso makilogalamu amene nthakayo singatulutse, ndiye pa msika mlimi amaoneka ngati wagulitsa fodya wina kwa mavenda. Wolembedwa mochepetsa ndi feteleza wosakwana, masamba n'kutuluka opyapyala.

Pa ntchito imeneyi ine ndimakhulupirira kwambiri GPS ya m'manja. Si kuti ili ndi masatelayiti akeake, koma idapangidwira ntchito imodzi yokhayo. Imapirira mvula ndi fumbi, imaoneka padzuwa, mabatire akatha mumagula pa okala, ndipo imasonyeza poyera kuti pakali pano ikuphonya ndi mamita angati. Foni ndi zosiyanasiyana. Ina ya mtengo wapatali imayeza bwino kwambiri, ina yotchipa kadontho kake kamayendayenda mwini wake ataima chilili. Alangizi awiri a foni zosiyana akhoza kupereka manambala awiri pa munda umodzi.

Komabe chipangizo chabwino m'manja mwa munthu wothamangira kwina sichithandiza. Mlimi ali ndi ufulu woyenda limodzi ndi mlangizi pamene akuyeza. Onetsetsani kuti wayatsa chipangizo n'kudikira kaye pa mtetete chisanayambe kulemba, osati pansi pa mtengo wa mango. Ayende wapansi m'malire enieni, aime pang'ono pa ngodya iliyonse, asadulire pa chulu, asayeze ali pa njinga yamoto. Nambala ikatuluka, muione ndi maso anu pa chipangizopo n'kuilemba m'kope lanu, ndipo mufunse ngati ndi maekala kapena mahekitala, pakuti hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka, ndipo ambiri apwetekera pomwepa. Ikakukayikitsani, pemphani azungulirenso kachiwiri. Apa ndi pamene foni ya mwana wanu wa ku sekondale imagwira ntchito, chifukwa mapulogalamu oyezera munda alipo aulere. Nambala yake singapose ya kampani pa mlandu, koma ikasiyana kwambiri ndi ya mlangizi, muli ndi poyambira kufunsa musanasayine. Kale lomwe tinkawerenga mizere ndi mapando, ndipo njira imeneyo sidafe. Mlimi amene amadziwa kuti adabzala mbande zingati ali ndi mboni yachitatu.

Chomaliza ndi cha achinyamata. Mapu amene OsmAnd ndi Organic Maps zimagwiritsa amachokera ku OpenStreetMap, yomwe idayamba mu 2004, ndipo aliyense ali ndi ufulu wolembamo. Mudzi wanu ngati suoneka, mukhoza kuuika nokha. Mukhozanso kulemba kuti mlatho wakutiwakuti ndi wa mitengo, kapena kuti njira yakutiyakuti ndi yoyenda pansi, si ya galimoto. Kalabu iliyonse ya alimi ili ndi mnyamata kapena mtsikana amene amatha tsiku lonse pa Facebook. Mupatseni bandulo ya sabata imodzi ayambe ndi njira yochokera pa chigafa chanu kukafika pa tala, ndi dambo lililonse limene njirayo imawoloka.