Mphasa Yobadwira, Mphasa Yoikira

Pali bodza limene lazika mizu pakati pa ife ophunzira, ndipo timalikhulupirira ngati lamulo. Bodzalo n'lakuti maliro aulemu ndi a kasiketi: bokosi lopaka vanishi, zogwirira zonyezimira, nsalu yoyera yawofuwofu mkati, ndipo pakatha chaka, chiliza cha mwala wakuda. Wopita m'bokosi wamba timamumvera chisoni. Wokulungidwa mumphasa timati abale ake amunyoza. Ine ndikuti kasiketi ndi chipangizo chosalankhula. Sichinena kanthu za munthu wagona mkatimo. Chimangolengeza kukula kwa thumba la abale ake, kapena kukula kwa ngongole imene atsala nayo.

Taonani mmene makolo athu Achewa anakonzera zinthu. Mwana ankabadwira pamphasa, m'manja mwa azamba. Mayi ndi khanda ankabindikira m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo potuluka khandalo ankalimeta tsitsi lobadwa nalo. Tsopano tembenukirani kumapeto kwa moyo. Womwalira ankamusambitsa monga asambitsira khanda, n'kumukulunga mumphasa, adzukulu n'kumunyamula. Pansi pa dzenje ankakumba kachipinda cham'mbali, n'kumugoneka mmenemo kuti dothi lisamugwere. Anamfedwa ankabindikira pasiwa, ndipo maliro ankatha ndi kumeta. Mphasa uku, mphasa uko. Lumo uku, lumo uko. Azamba kulandira, adzukulu kuperekeza. Ngakhale kudika kuja, mwamuna ndi mkazi kuleka za m'nyumba poopa mdulo, kunkasungidwa pa chikuta ndi pa maliro pomwe. Kodi zonsezi zinangochitika mwangozi? Iyayi. Anthu amenewa anaona kuti wobwera ndi wopita amadutsa pakhomo limodzi, ndipo anasankha zipangizo zonena zomwezo.

Umboni waukulu uli m'Gule Wamkulu. Za kudambwe sindizikhudza. Ndinena zokhazo zimene aliyense angaone pabwalo, kapena ku Chamare Museum ku Mua, pamalo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa m'chaka cha 1976. Kasiyamaliro ndi chilombo cholukidwa ndi nsungwi, udzu ndi makoko a chimanga, chokhala ngati nyama yanyanga ya kutchire. Dzina lake likunena ntchito yake: kuperekeza wakufa n'kukamusiya kwa makolo. Koma yang'anitsitsani thupi lake. Ndi mimba yaikulu, ndipo chilombochi chimatengedwa ngati mayi wa onse. Choncho chimene chimabwera kudzatenga wakufa ndi chiberekero. Mmisiri amene anaganiza zimenezi sanapite kusukulu ya zaluso, koma anaika kubadwa ndi imfa m'thupi limodzi popanda kulemba liwu ngakhale limodzi. Mwambo ukatha chilombocho amachitentha, pakuti sichinalukidwe kuti chikhalitse, monganso munthu. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu m'chaka cha 2005. Ife eni ake tinaomba m'manja, kenako n'kubwerera kukasankha kasiketi m'kabuku ka zithunzi.

Chondipweteka n'chakuti nzeru yomweyi ikachokera kunja timaigwadira. M'chaka cha 2003, amisiri awiri a ku Italy, Anna Citelli ndi Raoul Bretzel, anaonetsa ku Milan chimene anachitcha Capsula Mundi: chotengera chooneka ngati dzira, chopangidwa ndi zinthu zowola, choti mtembo ugonemo utapinda miyendo ngati mwana m'mimba, pamwamba pake n'kubzalapo mtengo. Nyuzipepala za m'maiko ambiri zinachitama ngati ganizo latsopano. Chabwino, n'chokongola. Koma mphasa siwola kodi? Nanga manda a kumudzi si nkhalango, kumene ngakhale wofuna nkhuni saponda? M'madera ambiri a chigawo chapakati, mukaona kamsitu ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda yambee, dziwani kuti ndi manda.

Wina anena kuti bokosi lafika kale, silingabwerere. Ndavomera. Koma bokosi nalo lingathe kulankhula. Ku Teshie, pafupi ndi Accra m'dziko la Ghana, kalipentala Seth Kane Kwei anatchuka kuyambira m'zaka za m'ma 1950 popala mabokosi ofotokoza moyo wa mwini wake. Msodzi amapita m'nsomba kapena m'bwato, mlimi m'chipatso cha koko. Mayi amene anabereka ndi kulera ana ambiri amagona m'nkhuku yathadzi, anapiye ali m'mbali. Mabokosi a Kane Kwei anaonetsedwa ku Paris m'chaka cha 1989 pa chionetsero cha Magiciens de la Terre. Sindikuti tikopere Aghana, ndipo mabokosi awo nawonso ngodula. Ndikungoti iwo analandira bokosi la mzungu n'kulipatsa chilankhulo chawo. Ife tinalilandira n'kungoliwonjezera vanishi.

Akalipentala athu sindiwaimba mlandu. M'zaka zimene Edzi inkasesa anthu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000, ambiri anasiya kukhoma mipando ndi mabedi n'kuyamba mabokosi, chifukwa ndiwo ankagulidwa. Panalibe nthawi yoganizira za luso pamene maliro ankagundana pamsewu. Mlandu uli pa ife ogula. Ife a m'maofesi ndiye tanyanya. Pepala la chipepeso likamazungulira, funso loyamba limakhala lakuti, “Kodi bokosi lake likhala la mtundu wanji?” Za ana amasiye, za fizi ya teremu ikubwerayi, timazikumbukira galimoto zitabwerako kumanda. Munthu amene anasowa wom'gulira mankhwala ali moyo amatsitsidwa m'dzenje ali pakhushoni.

Enanso anena kuti kugula kasiketi ndi chikondi, ndipo chikondi sachiwerengera mtengo. Nanga abale athu Asilamu sakonda akufa awo? Iwo amasambitsa mtembo, kuukulunga m'nsalu yoyera, n'kuuika m'manda. Wolemera ndi wosauka amapita mofanana, ndipo palibe amene amati anyozedwa. Sindikunenanso kuti amayi abwerere kukachirira pamphasa kumudzi. Chipatala chapulumutsa miyoyo yosawerengeka, ndipo mwana wanga aliyense anabadwira komweko. Koma taonani kuti ngakhale kuchipatalako, khanda limatuluka litakulungidwa m'chitenje cha mayi ake kapena cha agogo ake. Mbali ya kubadwa tinaisunga m'manja mwathu. Ndi imfa yokha imene tinaipereka kwa ogulitsa.

Pamaliro a amayi a Mvano kapena a Chigwirizano, anzawo amabwera atavala yunifolomu ndipo ndiwo amayamba nyimbo. Apo timaona kuti wagonayo anali ndani. Bwanji bokosi lokha likhale mlendo pamwambo wonse? Kalipentala wa ku Ndirande angathe kuyala mphasa mkati m'malo mwa nsalu yochokera kunja. Wosema wa ku Mua, amene amasema zitseko ndi zifanizo za m'matchalitchi, sangalephere kusema khasu pachivundikiro cha mlimi, kapena choko pa cha mphunzitsi. Ndipo pamwamba pa bokosi la mayi, m'malo mwa nkhata za maluwa apulasitiki zimene mphepo imakazimwaza kumanda, ana ake angayale chitenje chimene ankawaberekera kumsana.