NDERE ZOSAONEKA NDIZO MUNDA WA NSOMBA

Kapenta wogulidwa pa msika wa Chama acokera kutali, ku nyanja za Tanganyika ndi Kariba. Koma ndi anthu owerengeka amene adziwa kuti moyo wa kapentayo, ndiponso wa nsomba zambiri za m'matawale a Luangwa, uyambira pa ndere zing'onozing'ono zoyandama m'madzi, zimene diso silingathe kuona. Akatswiri amazicha phytoplankton. Tizilombo ta m'madzi tidya nderezi, ndipo tiana ta nsomba tidya tizilomboto.

Monga mpunga wa kudambo, ndere zifuna dzuwa ndi conde. M'nyanja ya Tanganyika, yakuya mamita 1,470, conde cikhala pansi pomwe dzuwa silifika. Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Seputembala mphepo ya mwera ikankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo madzi ozizira a conde akwera pafupi ndi Mpulungu. Pamenepo ndere zicuruka. Zotere zicitikanso m'nyanja yaikuru ya mcere ya India, kugombe la Somalia ndi Oman, pamene mphepo ya pacaka iomba mwamphamvu kuyambira Juni kufikira Seputembala.

M'caka ca 2003 akatswiri anaulula kuti madzi a Tanganyika anali kufunda ndipo mphepo inali kufooka, kotero kuti conde ca pansi sicinali kukwera monga kale. Mphepo palibe munthu angailamule. Koma zocitika mu Luangwa zili m'manja mwa anthu a kwa Kambombo, Tembwe, Chikwa ndi Chifunda.

Kuno conde cibwera ndi madzi osefukira a dzinja, pamodzi ndi ndowe za mvuu. Mtsinje ukayamba kuphwa, matope akhazikika m'matawale, madzi ayera, dzuwa lilowa, ndipo ndere zimera. Koma mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ikatha ndipo minda ikafika pagombe penipeni, dothi likokolokera m'madzi. Madzi amatope atsekereza dzuwa, ndipo matawale akwiririka ndi kuuma msanga.

Ena adzati dimba la pagombe ndilo lipulumutsa banja pa caka ca cilala. Zimenezo n'zoona. Komabe mlimi wosiya mzere wa mitengo ndi bango pakati pa dimba ndi madzi sataya cakudya cace. Asunga dothi lace ndi ndiwo zace zomwe.

Cifukwa cace mafumu ndi nduna ayenera kuletsa kudula mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje. Asodzi aleke kuthira mankhwala m'madzi ndi kukoka nsomba ndi maukonde a udzudzu, amene akokolola ngakhale tiana. Amverenso lamulo la Boma loletsa kupha nsomba kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto a Febuluwale, nyengo imene nsomba ziswana. Wofuna nsomba m'mbale mawa asamale madzi lero.