Ndege 26 za ku Makhado: Kugula n'Kwina, Kuulutsa n'Kwina

Kumpoto kwa dziko la South Africa, m'chigawo cha Limpopo, kufupi ndi msewu wa N1 umene mabasi ochokera ku Malawi amadzera akawoloka pa Beitbridge, kuli bwalo la ndege zankhondo la Makhado. Kumeneko n'kumene kumakhala ndege za mtundu wa Gripen, zimene boma lidagula 26 ku kampani ya Saab ya ku Sweden. Kuyambira chakumapeto kwa 2021 mpaka mu Seputembala 2022, panalibe ndi imodzi yomwe imene idanyamuka. Mdani sadaziwombere, ndipo sizidali nkhalamba, poti zomaliza zidafika mu 2012. Chidazigoneka pansi n'chakuti mgwirizano wozikonza ndi kubweretsa zipangizo zake udatha, ndipo watsopano udachedwa kusainidwa kaamba ka kuchepa kwa ndalama komanso kukokanakokana pa malamulo ogulira katundu wa boma. Utasainidwa, udali wa ndalama zokwana R532 miliyoni pa zaka zitatu, ndipo udangokhudza ndege 13 zokha.

Nkhani ya ku Makhado ndiyo poyambira pabwino kwa aliyense wofuna kuyerekeza ndege zankhondo zamakono, chifukwa makampani ozigulitsa amakonda kukamba za liwiro, kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mizinga, koma za tsiku limene ndege idzakhala m'shedi kudikirira kachipangizo kamodzi sazikamba kawirikawiri.

Pamsika wa lero, imene ili pakamwa pa aliyense ndi F-35 ya kampani ya Lockheed Martin ya ku America. Thupi lake lidaumbidwa ndi kukutidwa mwanjira yoti mafunde a rada akaligunda amwazike kapena amezedwe, moti mdani amaiona mochedwa. Mizinga imaibisa m'mimba m'malo moikoloweka pansi pa mapiko. Makompyuta ake amasonkhanitsa zimene rada, makamera ndi ndege zinzake zikuona, n'kuzionetsa pa galasi la chipewa cha woyendetsa. Zoposa 1,000 zidapangidwa kale. Finland idasankha 64 mu 2021, ndipo Switzerland idasankha 36 chaka chomwecho.

Rafale ya Dassault ya ku France ili ndi mainjini awiri, imasenza katundu wolemera, ndipo pafupifupi zonse za m'kati mwake n'zopangidwa ku France, choncho woigula kawirikawiri sadikira chilolezo cha ku Washington. Egypt idagula 24 mu 2015 n'kuwonjezera 30 mu 2021, India idagula 36, ndipo United Arab Emirates idaitanitsa 80. Su-30 ya ku Russia ndi chindege chachikulu chopita kutali, chimene Algeria, Angola ndi Uganda ali nacho. Palinso JF-17 ya China ndi Pakistan, yotsika mtengo, imene Nigeria idalandira zitatu mu 2021.

Gripen idabadwa ndi nzeru ina. Anthu a ku Sweden ankadziwa kuti nkhondo itabuka ndi dziko lalikulu, mabwalo awo a ndege ndiwo angayambe kuphulitsidwa. Choncho adapanga ndege yaing'ono ya injini imodzi, yotha kutera pamsewu wa tala pakati pa nkhalango, pomwe mekaniki mmodzi ndi anyamata ochepa ongophunzitsidwa kumene angaithire mafuta, kuikoloweka mizinga ndi kuibweza m'mwamba m'mphindi pafupifupi khumi. Mwa ndege zonse za kumaiko a azungu, iyi ndiyo imatchuka kuti siidya ndalama zambiri pa ola lililonse louluka. Apa ndiye pali powawa: ngati South Africa, imene chuma chake chimaposa cha maiko onse a m'chigawo chino, idalephera kuulutsa ndege yosaboola m'thumba ngati imeneyi, ndiye kuti vuto silidali la mtundu wa ndege.

Kuti ndege iti ingagonjetse inzake, kuyankha n'kovuta kusiyana ndi mmene okonda mikangano amaganizira. Masiku ano oyendetsa ndege zankhondo samenyana akuonana maso. Amaponyerana mizinga ali motalikirana makilomita oposa 100, ndipo wopambana amakhala amene waona mnzake poyamba, nthawi zambiri mothandizidwa ndi ndege ina yonyamula rada yaikulu kapena rada za pansi. Mu Meyi 2025, India ndi Pakistan atalimbana m'mlengalenga, Pakistan idati ndege zake za J-10C zochokera ku China, ndi mizinga ya PL-15, zidagwetsa ndege za India kuphatikizapo Rafale. Mkulu wa asilikali a India adavomera kuti adataya ndege, ngakhale sadatchule kuti zingati. Rafale ndi yokwera mtengo kuposa J-10C, koma mtengo sudaiteteze. Chidagwira ntchito usiku umenewo ndi unyolo wonse: rada, mizinga, mauthenga ndi maphunziro a anthu.

Nawo maiko olemera ndalama za ndegezi zimawatulutsa thukuta. Ofesi yolondoloza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma la America, GAO, idati mu 2024 kusamalira ndi kuulutsa ma F-35 a dzikolo pa moyo wawo wonse kudzadya madola pafupifupi 1.6 thililiyoni, kuwirikiza kangapo mtengo wozigulira. Ofesi yomweyo idapeza kuti mu Malichi 2023 ndege 55 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zidali zokonzeka kugwira ntchito. Ku Switzerland, kumene nzika zimavotera nkhani zotere, anthu adakana kugula ma Gripen 22 mu 2014, ndipo mu 2020 adalola kugula ndege zatsopano ndi mavoti 50.1 peresenti okha. Boma lidawalonjeza kuti ma F-35 adzadya pafupifupi mafranc 6 biliyoni osapitirira. Pofika 2025, America idanenetsa kuti mtengowo sudali womata, ndipo pakufunika ndalama zina zochuluka.

Kupatula ndalama, pali nkhani ya amene wasunga kiyi. Ndege yankhondo imagwira ntchito zaka 30 kapena 40, ndipo zaka zonsezo woigula amadalira woigulitsa. Turkey idachotsedwa m'gulu la ma F-35 mu 2019 chifukwa chogula mizinga ya S-400 ku Russia, chonsecho idali italipira kale ndege zoyamba. Zimbabwe idali ndi ndege za Hawk zochokera ku Britain, zimene zidamenya nkhondo ku Congo kuyambira 1998, koma Britain italetsa kugulitsa zida ku Harare mu 2000, zipangizo zidasowa, ndegezo zidagona, ndipo boma lidatembenukira ku K-8 za ku China. Gripen nayo siyomasuka kwenikweni, pakuti injini yake idachokera ku injini ya kampani ya General Electric ya ku America.

Tsono South Africa idalakwa kugula? Otsutsa ali ndi mfundo zolemera. Mgwirizano wa zida wa mu 1999, umene panthawiyo udali wa R30 biliyoni, udabweretsa ma Gripen, ndege 24 zophunzitsira za Hawk, sitima zankhondo ndi sitima zoyenda pansi pa madzi, pa nthawi imene Edzi inkapulula anthu ndipo mamiliyoni adalibe nyumba. Ndege za Cheetah zimene dzikolo lidali nazo zidali zisanatope. Pa ndege zophunzitsira, akatswiri ankakonda MB-339 ya ku Italy, yotchipa kwambiri, koma mtengo udachotsedwa pa mfundo zosankhira, Hawk n'kupambana. Fungo la ziphuphu silidachoke mpaka lero: Schabir Shaik, mlangizi wa zachuma wa Jacob Zuma, adapezeka wolakwa pa ziphuphu mu 2005, mlandu wa Jacob Zuma ndi kampani ya Thales wakhala ukukokedwa m'makhoti kwa zaka zambiri, ndipo lipoti la komiti ya Seriti, limene lidati padalibe katangale, khoti lidalitaya mu 2019. Pofika 2013, nduna ya zachitetezo idauza nyumba ya malamulo kuti ma Gripen 12 adali atasungidwa osauluka. Zili ngati munthu wogula galimoto yapamwamba pangongole, n'kuikhazika pa njerwa kuseri kwa nyumba chifukwa ya matayala palibe, anthu odutsa n'kumangoiona ikuchita fumbi.

Koma oikira kumbuyo ndegezi sakulankhula zopanda mutu. Dziko lopanda ndege zothamanga silingathe kufunsa ndege yachilendo imene yalowa m'mlengalenga mwake kuti ndiwe yani. Mu Febuluwale 2014, ndege ya Ethiopian Airlines italandidwa ndi wothandizira woyendetsa n'kuilozetsa ku Geneva mbandakucha, ndege za Italy ndi France ndizo zidaiperekeza, chifukwa za Switzerland panthawiyo zinkangouluka m'maola a ntchito. Manyazi ake adachititsa dzikolo kuyamba kulondera usana ndi usiku. Ku South Africa, ma Gripen ndi ma Hawk ndiwo adalondera pamwamba pa mabwalo a mpira pa World Cup ya 2010. Uganda, imene idagula ma Su-30 asanu ndi imodzi mu 2011 pa madola pafupifupi 740 miliyoni otengedwa ku banki yaikulu aphungu asanavomereze, idawagwiritsa ntchito kuphulitsa misasa ya zigawenga za ADF ku Congo mu Novembala 2021.

Mfundo yawo yamphamvu koposa ndi ya anthu. Ndege ingagulidwe m'zaka zitatu kapena zinayi, koma kuumba woyendetsa wodziwa kumenya nkhondo, mlangizi womuphunzitsa ndi mekaniki wodziwa injini pongoimva kulira kumatenga zaka khumi kapena kuposerapo. Woyendetsa akakhala miyezi osauluka chilolezo chake chimatha mphamvu, ndipo ambiri amatopa n'kupita kumakampani a ndege zonyamula anthu. New Zealand idathetsa gulu lake la ndege zomenyera nkhondo mu 2001, ndipo mpaka lero silidabwerere. Luso lotere likamwazika silisonkhanitsika msanga, ngakhale ndalama zitapezeka mawa.

Chimene chimapendeketsa sikelo, m'kuona kwa mlembi uno, ndi nkhondo zenizeni zimene asilikali a m'chigawo chino amenya. Mu Malichi 2013, asilikali pafupifupi 200 a South Africa adazingidwa ndi zigawenga za Seleka ku Bangui, ndipo 13 adafera pankhondopo. Ma Gripen adatumizidwa kudzera ku Ndola, ku Zambia, kukafika ku Kinshasa, koma nkhondo idali itatha. Ndege za Boeing 707 zimene zikadawathira mafuta m'mlengalenga zidali zitapumitsidwa mu 2007 popanda zolowa m'malo. Patangotha miyezi yowerengeka, kum'mawa kwa Congo, asilikali a South Africa, Tanzania ndi Malawi a m'gulu lapadera la United Nations adathandiza kugonjetsa M23. Chidathyola msana zigawengazo m'mapiri mu Novembala 2013 ndi mahelikopita a Rooivalk, opangidwa ku South Africa konko, atatu okha.

Mu Januwale 2025, M23 italowa mu Goma, asilikali a SADC adalibe chowatchinjiriza kuchokera kumwamba. South Africa idataya asilikali 14, Malawi atatu ndipo Tanzania awiri. Maliro amenewo adalira m'midzi ya kuno. Akatswiri ambiri a zankhondo adaloza chala pa kusowa kwa mahelikopita omenyera nkhondo, ndege zonyamula asilikali ndi zida, komanso zodzitetezera ku madroni. Dziko la South Africa, limene limaika ndalama zosakwana 1 peresenti ya chuma chake pa chitetezo, lidayesa kusunga zonse nthawi imodzi, ma Gripen, ma Hawk, ma Rooivalk, mahelikopita a Oryx ndi ndege zonyamula katundu za C-130 za m'zaka za m'ma 1960, ndipo mtundu uliwonse udatsala ndi ndege zouluka zowerengeka pa zala.

Maiko ena asankha njira yapakati. Nigeria, polimbana ndi Boko Haram, idagula ndege 12 za A-29 Super Tucano, zoyendera chipalasiro, zimene zimatha kuzungulira pamalo amodzi kwa maola ambiri pa mtengo wochepa. Zambia idagula L-15 zisanu ndi imodzi ku China, zimene ndi zophunzitsira koma zimanyamulanso zida. Zoterezi sizingaime pamaso pa Su-30, ndipo amene amazinyoza pa mfundo imeneyo akunena zoona. Komabe zimauluka sabata ndi sabata, ndipo oyendetsa ake sazirala manja. Malawi ilibe ndege zomenyera nkhondo, ndipo chimene idasowa kwambiri namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023 ndi mahelikopita okafikira anthu m'midzi imene misewu yake idakokoloka. Ena adachita kuchokera ku Tanzania ndi Zambia.

Gripen idali ndege yoyenera South Africa mwa zonse zimene zidali pamsika. Cholakwika chidali kugula 26 popanda kumangirira m'bajeti ndalama za mafuta, zipangizo ndi maphunziro za zaka 30, komanso kulola kuti mahelikopita ndi ndege zonyamula katundu ziwonongeke pamene izo ndizo asilikali amazifuna akatumizidwa kunja. Gulu laling'ono la ndege 12 kapena 14 zouluka nthawi zonse likadasunga luso lija, n'kusiya ndalama zotsalazo kwa Rooivalk ndi Oryx.

Botswana tsopano ili pamphambano yomweyo. Ndege zake za F-5, zimene idagula zogwiritsidwa kale ntchito ku Canada kuyambira 1996, zidapangidwa zaka zoposa 50 zapitazo, ndipo zipangizo zake zikusowa chaka ndi chaka. Boma la Ian Khama lidakambirana ndi Sweden zogula ma Gripen, otsutsa adadandaula za mtengo wake, ndipo boma la Mokgweetsi Masisi lidaika ganizolo pambali. Dzikolo lili ndi anthu osakwana 3 miliyoni, ndalama za diamondi zatsika, ndipo ogulitsa ndege ochokera kumaiko angapo akupitirizabe kugogoda ku Gaborone.